Kukaphunzira ku Cairo: Zaka, Chiyankhulo ndi Funso la Pobwerera

Pakati pa achinyamata a ku Malawi amene amatuluka m'dziko kukafuna maphunziro, pali gulu limene silitchulidwa kawirikawiri m'nyuzipepala ngakhale kuti lakhala likuyenda ulendowu kwa zaka zambiri, ndilo la amene amalunjika kumayiko a Aarabu, makamaka ku Egypt, ku Saudi Arabia, ku Sudan, ku Morocco ndi ku Algeria. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu ochokera m'maboma monga Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima ndi Nkhotakota, ndipo amapita atapeza thandizo limene ambiri amangoti sikolashipu, kutanthauza kuti boma kapena bungwe lina limawalipirira sukulu ndi malo ogona, nthawi zinanso chakudya ndi tikiti ya ndege. Kwa banja limene likulephera kulipira fizi ku yunivesite ya konkuno, mwayi wotere umaoneka ngati waulere, komatu mtengo wake ulipo, ndipo wophunzirayo amaulipira ndi zaka za unyamata wake, ndi thukuta lophunzirira chiyankhulo chimene ayenera kuchidziwa asanayambe n'komwe zimene anapitira, ndiponso ndi nkhawa ya tsiku lobwerera, pamene aliyense adzafuna kudziwa kuti pepala limene wabwera nalo ligwira ntchito yanji kwawo. Sukulu ya Al-Azhar ya mumzinda wa Cairo, imene imalandira ophunzira ochokera m'mayiko oposa 100, ikuonetsa bwino mbali zonsezi.

Kupita kutali kukafuna maphunziro a chipembedzo si chinthu chachilendo kwa Asilamu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Chisilamu chinafika kuno kudzera m'njira za malonda zochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, pamene Salim bin Abdallah, amene anali woyamba kutchedwa Jumbe, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo pambuyo pake mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mponda analowa chipembedzochi m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880. Mashehe oyambirira, monga Abdallah bin Haji Mkwanda, ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, ena n'kuwolokera ku Zanzibar, ndipo pobwerera ankabweretsa malamulo a chipembedzo monga momwe anawatanthauzira Imam al-Shafi'i, mmodzi mwa akatswiri anayi amene Asilamu a Chisunni amatsata njira zawo. Imam ameneyu anamwalira ku Egypt m'chaka cha 820, ndipo manda ake ali ku Cairo mpaka lero, kotero kuti mnyamata wa ku Namwera akafika mumzindawu amapeza kuti malamulo amene agogo ake ankawamva pamzikiti wa kumudzi akuphunzitsidwa pafupi ndi pamene anagona mwini wake wa njirayo.

M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo ambiri Achisilamu ankakana kutumizako ana awo poopa kuti akawatembenuza n'kuwapatsa mayina ena, zomwe zinachititsa kuti madera awo atsalire m'mbuyo pa maphunziro a Chingerezi kwa mibadwo ingapo. Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene mayiko olemera ndi mafuta anayamba kuthandiza kumanga mizikiti ndi sukulu komanso kutumiza ana kunja. Dokotala wa ku Kuwait, Abdul Rahman al-Sumait, anayambira ku Malawi ntchito yake yachifundo m'chaka cha 1981, ndipo bungwe limene linakula kuchokera pa ntchitoyo, lomwe lero limatchedwa Direct Aid, linafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, ndipo kwa ambiri a iwo khomo la sukulu yaukachenjede linatseguka koyamba kudzera kumayiko a Aarabu.

Al-Azhar inayamba ngati mzikiti. Mkulu wa asilikali wotchedwa Jawhar al-Siqilli atalanda dziko la Egypt m'chaka cha 969 m'dzina la mafumu a Fatimid, anamanga mzinda watsopano wa Cairo, ndipo mzikiti wake waukulu anayamba kuumanga mu 970 n'kuutsegula mu 972. Mafumuwa anali a Chishia, ndipo mzikitiwo unali wofalitsira chiphunzitso chawo, koma mtsogoleri wa Chisunni Salah al-Din atathetsa ufumu wawo mu 1171 malowa anazilala kwa nthawi ndithu, kufikira pamene mafumu a Mamluk anawadzutsanso n'kuwasandutsa chimake cha maphunziro a Chisunni. Chimene chili chofunika kwa mlendo ndi dongosolo lakale lotchedwa riwaq, mawu otanthauza khonde lalitali la nsanamira. Ophunzira ochokera dera limodzi ankapatsidwa khonde lawolawo m'mbali mwa mzikiti, lokhala ndi mkulu wake, mabuku ake ndi gawo lake la buledi wa tsiku ndi tsiku, ndipo zonsezi zinkalipiridwa ndi waqf, chomwe ndi chuma, monga munda kapena nyumba ya lendi, chimene munthu wapereka kwamuyaya kuti phindu lake lizigwira ntchito yachifundo. Panali khonde la ochokera kumpoto chakumadzulo kwa Africa, la ochokera ku Syria, la ochokera ku Sennar m'dziko la Sudan, la ochokera ku Bornu pafupi ndi nyanja ya Chad, ndi la a Jabarti ochokera kudera la Ethiopia ndi Somalia. Izi zikusonyeza kuti munthu wakuda wa mu Africa wakhala mbali ya sukuluyi kuyambira kalekale, ndipo wophunzira wa lero ali ndi chifukwa chokwanira choyendera m'mabwalo ake mosadzikayikira.

Al-Azhar ya masiku ano inapangidwa ndi lamulo la 1961, m'nthawi ya pulezidenti Gamal Abdel Nasser, limene linaika sukuluyi pansi pa boma n'kuwonjezera nthambi za udokotala, uinjiniya, ulimi ndi zamalonda pa nthambi zakale za chipembedzo ndi Chiarabu, ndipo posakhalitsa anatsegulanso koleji ya atsikana. Makonde aja analowedwa m'malo ndi mudzi wa nyumba zogona za ophunzira achilendo wotchedwa Madinat al-Bu'uth, umene unatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pafupi ndi dera la Abbassia. Sukuluyi imalandira Asilamu okha, amuna ndi akazi amaphunzira padera, ndipo mkulu wa bungwe lonse, wotchedwa Shehe wa Al-Azhar, kuyambira 2010 ndi Ahmed el-Tayeb. Amene si Asilamu koma akufuna kuphunzira ku Egypt amapita kusukulu zina, monga Cairo University imene inayamba mu 1908, kapena Ain Shams imene inayamba mu 1950.

Ulendo weniweni umayambira pa mapepala. Malo a sikolashipu amadzera ku ofesi ya kazembe wa Egypt ku Lilongwe ndi kumabungwe a Asilamu, ndipo wofunsira malo amayenera kukhala ndi pasipoti, kalata ya kubadwa, masatifiketi a sukulu omasuliridwa m'Chiarabu ndi kudindidwa ndi maofesi oyenera, komanso zotsatira za kuchipatala, kuphatikizapo za magazi. Pali kanthu kamodzi kamene kamaoneka kakang'ono koma kasowetsa mtendere anthu ambiri, ndiko kalembedwe ka dzina. Chiarabu chilibe zilembo za mawu ena a m'Chichewa ndi m'Chiyao, monga p, ch ndi ng', choncho dzina limodzi likhoza kulembedwa mosiyana pa kalata yomasulira, pa khadi la sukulu ndi pa chiphaso chokhalira m'dziko. Kuwonjezera apo, mafomu a ku Egypt amayembekezera dzina la munthu, la bambo ake ndi la agogo ake motsatana, pamene pasipoti ya Mmalawi kawirikawiri imakhala ndi dzina loyamba ndi la mtundu basi. Kalaliki wa ku ofesi akaona kuti chilembo chimodzi chasiyana amabweza fayilo yonse, ndipo cholakwika chimene chinalowa m'kaundula chaka choyamba chimadzatulukira pa digiri yeniyeniyo. Wophunzira wanzeru amasankha kalembedwe kamodzi ka dzina lake m'Chiarabu asananyamuke, n'kumakakamira komweko paliponse.

Chopinga chachikulu kuposa zonse ndi chiyankhulo, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amanamizika mosadziwa. Mwana amene wakulira kumadrasa amatha kuwerenga Qur'an mokoma, mwinanso waloweza zigawo zingapo pamtima, ndipo akamatsogolera swala anthu amati Chiarabu akuchidziwa. Koma kutchula bwino mawu olembedwa ndi luso lina, kumva tanthauzo lake ndi linanso, ndipo kulemba yankho la masamba atatu pa mayeso ndi lina lachitatu. Chiarabu chili ndi zilembo 28, chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo m'Qur'an mawu aliwonse amakhala ndi tizizindikiro tosonyeza mavawelo afupiafupi. M'mabuku a kusukulu ndi m'nyuzipepala tizizindikiroti mulibe, kotero kuti wowerenga ayenera kudziwiratu galamala kuti azindikire ngati mawu akunena za wochita kapena wochitiridwa, ndipo munthu amene ankawerenga mothamanga kumudzi amapezeka akuchita chibwibwi pa tsamba loyamba la buku la m'kalasi.

Vuto lachiwiri n'lakuti Chiarabu chimene chili m'mabuku si chimene chimayankhulidwa mumsewu. Cholembedwacho chimatchedwa fusha, ndipo n'chimodzi kuyambira ku Morocco mpaka ku Oman, pamene choyankhulidwa chimatchedwa ammiyya, ndipo dziko lililonse lili ndi chakechake. Kusiyana kwake kukhoza kuyerekezedwa ndi kwa Chichewa cha m'Buku Lopatulika ndi cha anyamata oitanira minibasi ku Ndirande, kungoti mtunda wa pakati pa fusha ndi ammiyya ndi wautali koposa, chifukwa ngakhale mawu ofunsira funso, okanira ndi otchulira zinthu za tsiku ndi tsiku amasintha. Wophunzira amene wadziwa fusha yekha amamveka akamayankhula, koma yankho la wogulitsa tomato kapena la dalaivala samalimva. Choipiraipira n'chakuti aphunzitsi ena a ku yunivesite amawerenga buku mu fusha kenaka n'kumalifotokoza mu ammiyya, poti ambiri m'kalasimo ndi ana a dziko lomwelo. Ndiye kuti mlendo ayenera kuphunzira ziyankhulo ziwiri nthawi imodzi, china cha mayeso, china cha moyo. Amene amangokhala ndi anzawo a kwawo m'chipinda, n'kumacheza m'Chiyao kapena m'Chichewa usana ndi usiku, amatha zaka asanathe kutsata phunziro lonse kuchokera poyamba mpaka pomaliza.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, wophunzira akangofika amalemba mayeso oona pamene Chiarabu chake chafika, ndipo amene chawo n'chochepa amatumizidwa kumalo ophunzitsira alendo chiyankhulochi, monga Sheikh Zayed Centre, kumene munthu akhoza kutha chaka chimodzi kapena ziwiri. Akachoka apo pamabwera nkhani ya mu'adala, kutanthauza kuvomereza kuti satifiketi ya dziko lina ikufanana ndi ya sekondale ya Al-Azhar. Ngati sukulu imene munthu anachokera ilibe mgwirizano wotere, amayamba waikidwa m'makalasi a sekondale a ophunzira achilendo, ndipo mnyamata wa zaka 20 amene anakhoza MSCE amapezeka akubwereza msinkhu umene ankayesa kuti anaudutsa. Mukawonkhetsa zaka za chiyankhulo, za sekondale ndi zinayi za digiri, ulendo umene banja linkawerengera kuti ndi wa zaka zinayi ukhoza kufika zaka 7 kapena 8. Zaka zimenezi sizitayika pachabe, chifukwa maziko amene amamangidwa m'menemo ndi olimba, koma n'kulakwira mwana kumutumiza osamuuza zoona zake za kutalika kwa njirayo, makamaka ngati kumudzi kuli azing'ono ake amene akuyembekezera kuti adzawalipirira sukulu.

Nthambi za chipembedzo zimene alendo ambiri amalowa ndi Usul al-Din, yophunzitsa maziko a chikhulupiriro, kumasulira Qur'an ndi hadith, zomwe ndi nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad; Shari'a, yophunzitsa malamulo; ndi nthambi ya Chiarabu chenichenicho. Mayeso amakhala olemba ndi apakamwa, kuloweza Qur'an ndi mbali ya mayesowo, ndipo magiredi amayambira pa maqbul, kutanthauza kungokhoza, kudutsa jayyid ndi jayyid jiddan, mpaka mumtaz, amene ndi apamwamba kwambiri. Nthambi za udokotala ndi uinjiniya zimaphunzitsa kwambiri m'Chingerezi, koma malo a alendo ndi ochepa, amene alibe sikolashipu amalipira ndi ndalama zakunja, ndipo wophunzira udokotala akafika m'wodi odwala amamuyankhula mu ammiyya.

Komabe chuma chenicheni cha Cairo, chimene wophunzira sangachipeze pa intaneti kapena kusukulu ya kwawo, chili kunja kwa kalasi. Mu mzikiti wakale uja ndi m'nyumba zina zoyandikana nawo, maphunziro a mtundu wakale otchedwa halaqa, kutanthauza bwalo lozungulira, akuchitikabe ndipo munthu salipira kanthu. Shehe amakhala pa mpando wamatabwa atatsamira nsanamira, ophunzira amakhala pansi pa kapeti atavula nsapato, mabuku ali pamaondo, ndipo mmodzi amawerenga mzere umodzi mokweza, shehe n'kumuimitsa kuti akonze katchulidwe ndi kufotokoza mzerewo mwina kwa theka la ola, ophunzira akulemba m'mphepete mwa tsamba ndi timalemba ting'onoting'ono. Amayamba ndi timabuku tifupitifupi toloweza, totchedwa matn, monga Ajurrumiyya ka galamala, kolembedwa ndi katswiri wa ku Fez m'dziko la Morocco amene anamwalira mu 1323, kapena ka Abu Shuja' ka malamulo a njira ya Shafi'i, kenaka n'kufika pa Alfiyya ya Ibn Malik, imene inaika galamala ya Chiarabu m'mizere ya ndakatulo pafupifupi 1000. Buku likatha, shehe akhoza kupereka ijaza, chomwe ndi chilolezo chophunzitsa bukulo, chotchula mndandanda wa aphunzitsi kuchokera kwa iye kubwerera m'mbuyo mpaka kwa mlembi. Ijaza siwerengedwa ku ofesi ya boma iliyonse, koma pakati pa anthu ophunzira za chipembedzo imalemera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amatha zaka zonse ku Cairo osakhalapo m'bwalo lotere ngakhale kamodzi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku nawo uli ndi maphunziro ake. Mzinda wa Cairo ndi madera ouzungulira muli anthu oposa 20 miliyoni, kuposa amene kalembera wa 2018 anapeza m'Malawi monse, ndipo munthu wozolowera Liwonde kapena Mangochi amayamba wasokonezeka ndi phokoso la mahutala, fumbi ndi nyumba zosanjikizana. Sitima ya pansi pa nthaka, imene inayamba kuyenda mu 1987 ndipo inali yoyamba mu Africa, ndiyo njira yotsika mtengo, ndipo ili ndi mabogi a akazi okhaokha. Nyengo ndi yotembenuka poyerekeza ndi ya kuno: mu June, July ndi August, pamene kuno kuli chisanu, kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 35, pamene mu January usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10 m'nyumba zopanda chotenthetsera, ndipo pakati pa March ndi May kumawomba mphepo yotentha ya mchenga yotchedwa khamsin. Mvula imagwa mwa apo ndi apo, moti dziko lonse limadalira mtsinje wa Nile. Tsiku lopuma ndi Lachisanu, ndipo Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Chakudya cha wophunzira ndi buledi wobulungira wophwatalala, nyemba zophika mpaka kuphwanyika zotchedwa ful, timakeke ta nyemba tokazinga totchedwa ta'miyya, ndi koshari, chomwe ndi chisakanizo cha mpunga, makaroni ndi mphodza chothiridwa msuzi wa tomato ndi anyezi wokazinga. Ufa woyera wa nsima supezeka paliponse, ndipo amene akuchokera kutchuthi amalandiridwa ndi manja awiri akabwera ndi kathumba ka ufa ndi usipa. M'mwezi wa Ramadhani anthu opeza bwino amayala matebulo m'misewu kuti aliyense wodutsa adye pomasula kusala, ndipo alendo ambiri amakumbukira mwambo umenewu monga umboni wa kuwolowa manja kwa anthu wamba a dzikolo.

Ndalama ya m'thumba imene sikolashipu imapereka ndi yochepa, ndipo mphamvu yake yakhala ikutsika. Boma la Egypt linasiya kuteteza mtengo wa ndalama yake, paundi, mu November 2016, ndipo mu March 2024 inagwanso kuchoka pa mapaundi pafupifupi 31 kufika pafupifupi 50 pa dola imodzi, kukwera mitengo kwa zinthu kutafika kale 38 peresenti mu September 2023. Kuno nako kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, kotero kuti kholo limene likufuna kutumiza kangachepe limavutika kawiri. Amene sanapeze malo ku Madinat al-Bu'uth amachita lendi nyumba m'madera monga Nasr City, n'kumakhala anthu angapo m'chipinda chimodzi kuti agawane mtengo. Chiphaso cha wophunzira sichilola kugwira ntchito, ndiye banja lisamawerengere kuti mwana akafika azidzidyetsa yekha, kapena kuti azitumiza ndalama kumudzi.

Chiphaso chokhalira m'dziko chimatchedwa iqama, ndipo chimayenera kuwonjezeredwa nthawi yake isanathe, ntchito imene imafuna kalata ya kusukulu, zithunzi, ndalama ndi kuleza mtima pa mizere ya ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Wopezeka ndi iqama yotha amalipitsidwa chindapusa, ndipo akhoza kutsekeredwa kapena kubwezedwa kwawo. Ndale za dzikolo ndi zoti mlendo azitalikire, chifukwa kuyambira pamene pulezidenti Hosni Mubarak anachotsedwa mu 2011, ndiponso pulezidenti Mohamed Morsi mu 2013, boma limayang'anira kwambiri masukulu aukachenjede, zionetsero zopanda chilolezo n'zoletsedwa, ndipo mu July 2017 apolisi anagwira ophunzira ambiri a mtundu wa Uyghur ochokera ku China, ena mwa iwo a ku Al-Azhar komweko. Kulembetsa ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Cairo munthu akangofika n'kofunika pa chifukwa chimenechi. Palinso nkhani ya tsankho la khungu, imene siyenera kubisidwa: anthu akuda amakumana ndi mawu onyoza m'misewu ina, kawirikawiri kuchokera kwa ana ndi anyamata, ndipo atsikana amavutika kawiri, chifukwa cha khungu ndi chifukwa cha amuna osalemekeza akazi. Mabungwe a ophunzira a dziko limodzi, amene amalandira watsopano pa bwalo la ndege, kumuperekeza ku maofesi ndi kusonkha ndalama wina akadwala, ndiwo amagwira lero ntchito imene makonde aja ankagwira kale.

Mayiko ena ali ndi njira zawo. Islamic University of Madinah ya ku Saudi Arabia, imene inayamba mu 1961 makamaka pofuna kuphunzitsa alendo, imadziwika ndi thandizo lokwanira bwino ndipo ili ndi sukulu yakeyake ya Chiarabu. International University of Africa ya ku Khartoum, imene inakhala yunivesite mu 1992, inkakopa ambiri a kum'mwera kwa Sahara chifukwa inkaphunzitsa za chipembedzo pamodzi ndi za sayansi, koma nkhondo imene inabuka ku Sudan pa 15 April 2023 inabalalitsa ophunzira achilendo, ambiri n'kuthawa maphunziro ali pakati, zomwe zikukumbutsa kuti mtendere wa dziko ndi chinthu choyenera kuchiyeza posankha sukulu. Ku Morocco ndi ku Algeria sikolashipu za boma sizifunsa chipembedzo cha munthu, koma maphunziro a sayansi akhala akuperekedwa kwambiri m'Chifalansa, choncho Mmalawi amayambanso waphunzira chiyankhulo china. Pa njira zonsezi, thandizo lenileni limadzera ku ofesi ya kazembe, ku unduna kapena ku sukulu yeniyeniyo. Munthu wapakati amene akufuna ndalama zambiri, n'kumalonjeza sukulu ndi ntchito nthawi imodzi, ndi woti akayikiridwe, pakuti nkhani ya amayi a ku Malawi amene anavutika ku Oman, imene wailesi ya BBC inaulutsa mu 2024, inaonetsa zimene dongosolo la kafala limachita, pamene chilolezo cha wantchito chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana wake, ndipo wantchitoyo sangachoke mwakufuna kwake.

Pobwerera m'pamene zonse zimayesedwa. Amene anaphunzira ku Cairo, ku Madinah ndi ku Khartoum sabwera ndi kamvedwe kamodzi ka chipembedzo, chifukwa Al-Azhar imaphunzitsa njira zonse zinayi za malamulo ndipo imalemekeza miyambo ya Chisufi, yomwe ndi njira ya kudziyeretsa mumtima ndi kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza, pamene sukulu za ku Saudi Arabia zimatsutsa yambiri mwa miyamboyo. Kusiyanaku kumagwera pa mkangano umene unalipo kale kuno pakati pa a Qadiriyya, amene amachita sikiri, mwambo wa Chisufi, pamaliro, ndi a Sukuti, amene amati maliro aziyenda mwachete, ndipo shehe wachinyamata amene wabwera ndi mabuku koma wopanda ulemu kwa akuluakulu amene anasunga mzikiti zaka zonsezo akhoza kugawa mudzi m'malo mouphunzitsa. Kumbali ya ntchito, maofesi a boma, makhothi ndi makampani a ku Malawi amayenda m'Chingerezi, ndipo munthu amene watha zaka 8 akuganiza ndi kulemba m'Chiarabu amapeza kuti Chingerezi chake chachita dzimbiri. Ambiri amakhala maimamu ndi aphunzitsi a madrasa, ntchito yolemekezeka koma ya malipiro ochepa odalira zopereka za anthu. Amene zimawayendera bwino kawirikawiri ndi amene anapita ali kale ndi MSCE yabwino, anasunga Chingerezi chawo powerenga, ndipo atabwera anawonjezera dipuloma ya uphunzitsi, ya malamulo kapena ya zachuma, n'kupeza malo m'masukulu, m'mabungwe othandiza anthu, m'maofesi a akazembe ndi pa ntchito yomasulira, imene anthu oidziwa bwino akadali ochepa m'dziko muno.

Digiri yochokera kunja imayenera kuunikidwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo wophunzira udokotala amayeneranso kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe kuona odwala. Mabungwe otere amafuna satifiketi yeniyeni, mndandanda wa maphunziro ndi magiredi a chaka chilichonse, zonse zomasuliridwa m'Chingerezi. Mapepala amenewa ndi oti munthu awatenge, awamasulitse ndi kuwadinditsa ku yunivesite ndi ku unduna wa zakunja wa Egypt akadali ku Cairo, iqama yake isanathe, chifukwa kuwatsatira ali ku Mangochi kumafuna kutuma munthu wina amene adzaime pa mizere m'malo mwake, ndipo ntchito ya masabata ochepa ikhoza kutenga miyezi yambiri.